Kachipata ka Che Asani

Che Asani anaikidwa m'manda ine ndisanamve n'komwe kuti amwalira. Anatsirizika Lachiwiri m'mawa kunyumba kwawo ku Chilobwe, ndipo dzuwa lisanalowe anthu anali atabwerako kale kumanda. Asilamu sagoneka maliro. Uthenga unandipeza Lachitatu ndili ndi payipi m'manja, ndikuthirira maluwa, ndipo chimene chinayamba kundigwira si chisoni ayi, koma mkwiyo. Munthu ndakangana naye zaka makumi awiri ndi ziwiri, n'kungonyamuka osandipatsa mpata woyankha komaliza. Sabata yathayi ndinapita ku sadaka yawo ya masiku makumi anayi. Ndinakhala pamphasa ndi amayi anzanga, uku ndikumva azibambo panja akuyamikira malemuwo kuti anali munthu wofatsa, wosakonda zolongolola. Wofatsa wake uti? Ndabwerako mtima ukuwira, ndipo ndikulemba izi kuti munthu asanamiziridwe poti wagona ndipo sangadziyankhire.

Tinkagwira ntchito limodzi panyumba ina yakalekale m'tauni muno mwa Blantyre, imodzi mwa nyumba zija boma linaletsa kuzigumula kapena kuzisintha maonekedwe. Nthawi ya atsamunda munkakhala bwana wa kampani ina yogula thonje. Lero ana a sukulu amabwera ndi aphunzitsi awo kudzaona zakale, ndipo Loweruka akwati amadzajambulitsa m'munda wa maluwa. Maluwawo ndimasamala ndine. Che Asani ankasamala khoma lozungulira mundawo. Khomalo pansi ndi la miyala mpaka m'chiuno, pamwamba njerwa zootcha, zina zofiira, zina zakuda chifukwa zinapsa kwambiri, ndipo simungapeze ziwiri zofanana.

Anali munthu wamtali, wowonda, kofiya yoyera pamutu. M'thumba la ovolosi ankasunga sipoko ya njinga yopindidwa kumapeto ngati mbedza. M'mawa uliwonse asanapereke moni kwa munthu, ankayamba wazungulira khoma lonse, akugogoda njerwa ndi chala n'kumamvetsera. Akapeza kachere atamera m'mng'alu, poti mbalame zimasiya njere zake paliponse, ankamukola ndi sipoko ija n'kumutulutsa ndi muzu womwe. Ankati kachere amabwera ndi masamba awiri ngati mlendo wopempha madzi, koma mukamulekerera zaka zisanu mwini nyumba ndi iye. Akatha zonsezo m'pamene ankatembenuka n'kundifunsa ngati ndadzuka bwino, nthawi zina dzuwa litakwera kale.

Nkhondo yathu inayamba mwezi wanga woyamba. Ndinabzala maluwa oyanga m'mbali mwa khoma kuti akwati azijambulitsa pokongola. Atangoyamba kugwira njerwa, ndinapeza onse atadulidwa, ataunjikidwa bwinobwino pakapinga.

"Wadula maluwa anga ndani?" ndinafunsa.

"Ndine, a Nachisale. Mukabzalanso ndidulanso."

"Ndiye chamoyo pano ndi khoma lanu lokhalo?"

"Maluwa anu mukabzala lero, Disembala aphuka," anatero. "Khoma ili mukaligwetsa, anthu amene analimanga mukawatenga kuti?"

Ndinakawanenera ku ofesi. Anaitanidwa, anamvetsera mwaulemu kofiya ili pamutu, poti sankaivulira munthu, n'kubwerako kudzandiuza kuti zonse ndimalankhula ine ndi za m'maluwa. Kuyambira pamenepo tinagawana malire. Kuchokera pakhoma, mapazi awo atatu anali dziko lawo. Ine ndinkaba theka la phazi chaka chilichonse, iwo ankalanda chaka chomwecho.

Simenti ankadana naye ngati mfiti. Kuseri kwa shedi anali ndi dzenje loviikamo laimu, lovindikira ndi malata akale, ndipo laimu woviika chaka chino ankamugwiritsa ntchito chaka chamawa. Ankati simenti ndi wouma kuposa njerwa zakale, ndiye madzi a mvula akalowa m'khoma amasowa potulukira n'kuyamba kudya njerwazo, pamene laimu amalola khoma kutuluka thukuta. Umboni anali nawo. Chaka china atapita kumaliro ku Mangochi, wina anamata ngodya imodzi ndi simenti kuti awathandize. Lero mizere ya simentiyo ili chiimire, koma njerwa zapakati pake zinafumbutuka, mungalowetsemo chibakera. Mlendo aliyense amene anangolakwitsa n'kuwapatsa moni ankamukokera pangodya imeneyo.

Koma zimene ndikufuna kunena ndi za kachipata. Kumbuyo kwa munda, mbali yoyang'ana kumsewu wa maminibasi, khoma lili ndi khomo laling'ono. Ine si wamtali, koma mwala wa pamwamba pake umandilekeza pachibwano. Munthu wamkulu sangadutsepo osawerama. Nthawi ya atsamunda limenelo ndilo linali khomo la antchito: ophika, ochapa, olera ana, otunga madzi. Chipata chachikulu cha kutsogolo chinali cha eni nyumba ndi alendo awo. Mpaka lero ife antchito timadutsira pakachipatako, osati chifukwa chokakamizidwa, koma poti minibasi imatitsitsa pomwepo. Kuzungulira mpaka kutsogolo ndi ulendo wa mphindi khumi.

Che Asani ankazungulira. Kaya kukutentha, kaya mvula ya Januwale ikukhuthuka, ankatsika minibasi limodzi nafe, ife n'kuwerama n'kulowa, iwo n'kuyamba ulendo wawo wotsata khoma mpaka kuchipata chachikulu. Madzulo chimodzimodzi. Alonda ankawaseka kuti amadziona ngati bwana. Ine ndinkati ndi liuma chabe, poti liuma anali nalo lokwanira anthu atatu. Kachipatako ankakasamala kuposa mbali ina iliyonse ya khoma, akuchotsa ndere, akumata laimu, koma ankagwira mbali ya mkati ali mkati, mbali ya kunja ali kunja, ndipo mutu wawo sunkalowa pansi pa mwala uja.

Chifukwa chake anandiuza titagwira ntchito limodzi zaka zisanu, tsiku lina titabisala mvula m'shedi. Khomalo anamanga nawo ndi agogo awo. Bambo awo ankatunga madzi ndi kuwaza nkhuni m'nyumbamo. Iwo ali mwana ankawabweretsera bambo awo chakudya masana, n'kumadutsa pakachipatako akuthamanga, ali chilili, osadziwa kuti pali vuto. Tsiku lina anangomva mwala wawagunda pamphumi. Bambo awo anaseka, koma kuseka kosafika m'maso, n'kuwauza kuti tsopano akula, ayambe kuwerama ngati anzawo onse. Che Asani anaika mbale pansi panja pa khoma n'kubwerera kunyumba. Anakwapulidwa tsiku limenelo chifukwa chosiya chakudya padothi, koma sanadutseponso. M'mundamo anadzalowanso dziko litalandira ufulu, atalembedwa ntchito, ndipo analowera kutsogolo.

Zaka zinayi zapitazo tinalandira woyang'anira watsopano, Mayi Magombo, mayi wachitsikana wophunzira bwino, wokhala ku Namiwawa, wobwera pagalimoto yakeyake. Ndisamunamizire, ntchito amaidziwa. Denga linasiya kudontha m'manja mwake. Ndiye akuba anathyola chitseko chathabwa cha pakachipata, chomwe chinali chitafumbwa kale, n'kunyamula mipando ya akwati. Mayi Magombo anatiitana tonse n'kulengeza kuti khomolo litsekedwa ndi mabuloko a simenti, lipakidwa pulasitala ndi penti yofanana ndi njerwa. Anati komiti yoyang'anira nyumbayo yavomereza, kalata yodziwitsa a boma yalembedwa, ndipo njerwa zakale sizikhudzidwa.

Tonse tinayang'ana Che Asani, tikuganiza kuti wokondwa woyamba akhala iwo. Ine ndinafika powanong'oneza kuti mdani wawo wafa. Anangoimirira n'kunena kuti khomolo silitsekedwa. Mayi Magombo anamwetulira, n'kupitiriza za mipando. Akanadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe, akanafunsa kaye.

Lolemba lotsatira, m'mwezi wa Okutobala, amisiri anafika m'mamawa. Wowatsogolera anali a Dayisoni, bambo waimvi zake, amene anaphunzira zomanga kwa Che Asani ali mnyamata. Anaunjika mabuloko kunja, mbali ya kumsewu, n'kukanda simenti pansi pomwepo. Che Asani anatsika minibasi, anaona mabulokowo. Anazungulira monga mwa masiku onse, analowera kutsogolo, anadutsa pakapinga wanga, chinthu chimene ankadziwa kuti ndimadana nacho, n'kukaima moyang'anana ndi kachipata. Ine ndinasiya payipi. Ndinkafuna kuona ngati lero munthu uja awerame.

Anakhala pansi. Anatambasula miyendo kutsogolo, anaika manja pansi, n'kuyamba kudzikhwekhwereza ndi matako pang'onopang'ono, msana uli chilili, khosi lili njo, mpaka anafika pakati penipeni pa khomo. Kofiya sinakhudze mwala. Miyendo inatulukira kumsewu, pamalo omwe a Dayisoni ankayenera kuika buloko yoyamba, msana unali kumunda. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ovolosi yodzaza fumbi, atakhala ngati mwana woti sanayambe kuyenda. Ndinafuna kuseka, koma sindinathe.

Mayi Magombo anabwera kuchokera ku ofesi, nsapato zazitali zikumira m'kapinga, n'kuima kumbuyo kwawo.

"Bambo Asani, tadzukani pamenepo. Anthuwa ali pa ntchito."

"Madamu, kwathu sitilankhula ndi munthu atatiimira kumsana," anatero osacheuka. "Ngati muli ndi mawu, bwerani kutsogolo kuno tionane maso."

Anasendera pambali, kusiya kampata. Apa n'kuti kunja kutadzaza kale: ogulitsa nthochi, oitanira maminibasi, anthu opita ku maofesi amene anaiwala kuti achedwa. Mayi Magombo akanatha kuzungulira, koma mphindi khumi ndi zambiri anthu akukuyang'ana. Anagwira siketi, anawerama, n'kulowa pakampatako. Anadzuka msanga, mwala unamugunda pamutu, magalasi anagwa. Kuti awatole anachita kugwada, dzanja lili padothi, pamapazi pa anthu a mumsewu. Woitanira minibasi wina anayamba kuseka, mayi wa nthochi anamuyang'ana kamodzi, anasiya.

Mayi Magombo sanaimirire. Mwana woleredwa bwino salankhula ndi mkulu wokhala pansi iye ali chilili, ndiye ananjuta pomwepo, magalasi ali m'manja. Ine ndinali nditasendera mpaka kumsana kwa Che Asani, ndipo ndinamva zonse.

"Mukuganiza kuti sindikudziwa kuti khomo ili ndi la chiyani?" anatero motsitsa mawu. "Agogo anga analera ana a eni ake m'nyumba ngati iyi zaka khumi ndi zisanu, akulowera pakhomo ngati ili. Tsiku lililonse ndikaliona mtima umandipweteka. Za mipando n'zongowonjezera. Mukufuna ndiziliona mpaka liti?"

"Lizikupwetekani, mwana wanga. Ntchito yake tsopano ndi imeneyo."

"Inuyo simudutsapo n'komwe."

"Sindidutsapo, ndipo sindidzadutsapo. Koma mzungu sanagwire njerwa ngakhale imodzi pakhoma ili. Iye anangotambasula dzanja n'kunena kuti khomo lilekeze apa. Mwala uwu anaukweza ndi agogo anga, akudziwa kuti mawa lake adzawerama pansi pake iwo omwe, ndipo taonani mmene anauikira, mpaka lero sunapendekeke. Mukamata pamenepa, ana a sukulu aja azidzaona maluwa a a Nachisale ndi khonde lokongola, n'kumapita kwawo akuganiza kuti agogo awo ankalowera kutsogolo."

Kenako Mayi Magombo ananena zimene ndinkaopa.

"Mukudziwa kuti zimenezi zikhoza kukuchotsetsani ntchito?"

"Ndikudziwa. Koma buloko yoyamba muyiike pamiyendo pangapa."

Mayi Magombo anatembenukira kwa a Dayisoni n'kuwauza kuti awanyamule Che Asani bwinobwino awaike pambali. A Dayisoni anapukuta mpeni wawo womangira pa thalauza, n'kuuika m'chikwama.

"Madamu, mpeni umenewu anandigwiritsa koyamba ndi bambowa," anatero. "Pezani wina."

Palibe amene anapezeka. Mayi Magombo anadzuka, anazungulira njira yaitali ija mpaka kutsogolo, n'kukadzitsekera mu ofesi. Sananene kuti ntchito ipitirire, sananenenso kuti ilekeke, ndiye aliyense anangokhala pomwe anali. Dzuwa la Okutobala linakwera. Mthunzi wa mwala uja unkangokwana mutu ndi mapewa, miyendo inkapsa. Nthawi yoswali masana itakwana, Che Asani anandiitana osacheuka, n'kundipempha madzi. Ndinabweretsa m'kheni yanga yothirira maluwa, ndinawathirira m'manja, anasamba kumaso ndi kumapazi, n'kupemphera atakhala pomwepo. Ine wa mpingo wina, mdani wawo wa zaka zonsezo, ndinaima kumbuyo kwawo ndi kheni m'manja ngati mlonda. Simenti uja anauma pansi pomwe anamukandira, mulu wathunthu.

Cha m'ma fili koloko mlonda anabwera ndi uthenga woti amisiri apakire mabuloko azipita. Che Asani anadikira mpaka wilibala yomaliza itachoka. Kenako anadzikhwekhwereza chobwerera m'mbuyo, kulowa m'munda momwe anachokera, ndipo miyendo itakana ndinawagwira mkono kuti aimirire. Sindinathe kudzigwira.

"Ndiye lero mwalowapo pakachipata kanu," ndinatero.

"Ndinakhala pansi, a Nachisale. Mutu sunawerame, ndipo sindinatulukire uko."

Anasasa fumbi, anadutsanso pakapinga wanga, n'kukatulukira kutsogolo.

Patatha masabata awiri panaikidwa chitseko chachitsulo cha mipiringidzo, choonekera mkati. Che Asani anaimirira owotcherera tsiku lonse kuti asaboole njerwa, aboole mizere ya laimu yokha. Koma nkhani siinathere pokoma. Kumapeto kwa chaka analandira kalata yoti afika msinkhu wopuma. Zinali zoona, msinkhuwo anaupitirira kalekale, kungoti oyang'anira onse akale ankayang'ana kumbali. Mayi Magombo sindimuyesa munthu woipa. Kuyambira chaka chimenecho ana a sukulu akabwera amawatsitsira kumbuyo, amawalowetsera pakachipata, aphunzitsi awo n'kumawerama ana akuona, ndipo iye mwini amatsogolera. Koma munthu amene anamuphunzitsa zimenezo sanamuitanenso, ngakhale kumutchula dzina. Chimenecho ndinamusungira, ndipo akudziwa.

Amene ankaganiza kuti kalata ingawachotse Che Asani pakhoma sankawadziwa. Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse ankakwera minibasi ku Chilobwe n'kudzatsika pamalo pomwe paja. Ankati khoma lili ndi nkhope ziwiri, ya mkati ndi ya komiti, koma ya kunja ili mumsewu, ndipo mumsewu palibe amene angamupumitse munthu. Ankayenda ndi sipoko yawo kuzula akachere, ogulitsa nthochi akuwasunthira mabeseni. Akatopa ankakhala pa mulu wa simenti wouma uja, umene palibe anauchotsa, n'kumauza aliyense kuti tsopano simenti wapeza ntchito yomuyenera. Ine ndinkawapatsira tiyi pa mipiringidzo. Iwo ankasuzumira mkati n'kundiuza kuti maluwa anga adutsa malire ndi theka la phazi, ndipo nthawi zonse zinali zoona. Anachita zimenezi zaka zitatu, mpaka miyendo inakaniratu.

Ndinkawakonda munthu ameneyu. Sindinawauze, ndipo akanandiseka ndikanawauza.

Ku sadaka kuja, anthu atayamba kubalalika, mwana wawo wamkazi ananditengera pambali n'kundipatsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Anati bambo ake anasiya mawu oti chimenechi akapatse mayi wolongolola wa maluwa uja. Inali sipoko.

M'mawa uno ndatsika minibasi ndisanafike pantchito, ndaima kunja kwa kachipata. Mulu wa simenti uli pomwepo, pamwamba pake posalala pomwe ankakhala, ndipo mayi wa nthochi saikapo beseni lake ngakhale malo ndi ochepa. Dzenje la laimu kuseri kwa shedi likadali lovindikira, muli laimu wa chaka chimene anachotsedwa, woti palibe akudziwa kumugwiritsa ntchito. Khoma palibe amene akuligogoda. Pamwamba pa mwala wa agogo awo, m'mng'alu waung'ono, ndapeza kachere wa masamba awiri, ndipo ine amene moyo wanga wonse ndakhala ndikubzala, ndamukola ndi sipoko n'kumutulutsa ndi muzu womwe.

Ndamva kuti komiti yatsopano yayambanso kukamba zoti khomolo ndi loopsa pa chitetezo, ndipo kuli bwino litsekedwe. Ndisanalowe ndalipima ndi maso. Che Asani anali wowonda, n'chifukwa chake anasiya kampata koti munthu adutse. Ine ndine wonenepa. Ndikadzakhala pamenepo sipadzatsala mpata ngakhale wa njerwa imodzi.